Wodwala mmodzi, manambala atatu: tisathamangire kuphatikiza mafayilo

Aliyense amene analandirapo thandizo pa chipatala chachikulu m'zaka zapitazi akukadziwa kapepala koyera kamene kalaliki amamata pa kabuku ka kuchipatala. Pamakhala dzina, mudzi, tsiku lobadwa, nambala, ndi timizere takuda timene makina amawerenga. Kapepalaka kanayambira ku Lilongwe mu 2001, pa chipatala chimene lero timati Kamuzu Central, pamene Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anaika makompyuta ongodina pagalasi kuti azilembera odwala. Cholinga chinali chakuti munthu akalembedwa kamodzi, nambala yake ikhale yomweyo, ndipo mbiri ya matenda ake izimutsatira kulikonse. Makinawa anafalikira m'zipatala zopereka ma ARV m'dziko lonse, ndipo pambuyo pake ntchito yowasamalira inapita m'manja mwa bungwe la Elizabeth Glaser Pediatric AIDS Foundation mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo.

Patha zaka zoposa 20, koma m'makompyutawa mudakali anthu amene alimo kawiri kapena katatu, malo alionse ndi nambala yake. Nthawi ndi nthawi pamatuluka mndandanda wa mafayilo amene akuoneka ngati a munthu mmodzi, ndipo akalaliki amauzidwa kuti awakonze lipoti lisanapite. Kukonzako n'kofunika, sindikutsutsa. Chimene ndikutsutsa ndi kukonza mothamanga, wodwalayo palibe, pongoona kuti maina akufanana. Kusiya munthu mmodzi ali pawiri n'koipa, koma kuphatikiza anthu awiri osiyana kukhala fayilo imodzi n'koopsa kwambiri, ndipo kuno kunyanja mpata wolakwitsa chotero ndi waukulu kuposa mmene a ku likulu angaganizire.

Tiyambe ndi maina. Kompyuta imayembekeza kuti munthu ali ndi dzina limodzi loyamba ndi dzina limodzi la bambo, ndipo kuti mainawo sasintha. Kwathu kuno sizili choncho. Mnyamata akatuluka ku jando amatha kubwera ndi dzina latsopano, la ubwana n'kulisiya. Mayi wachiyawo amadziwika m'mudzi monse kuti Abiti wakutiwakuti, potengera dzina la bambo ake, pamene kusukulu analembetsa dzina lina. Akakwatiwa, kalaliki amulemba ndi dzina la mwamuna. Banja likatha, abwerera ku lakale. Wina ali ndi dzina la ubatizo ndi dzina la pakhomo. Wina lero atchula mfunda, Banda kapena Phiri, mawa atchula dzina la agogo ake. Palibe amene wanama apa, onsewo ndi maina ake enieni. Ndiye pali kalembedwe: Saidi, Sayidi ndi Said, Yusufu, Usufu ndi Yusuf, Mariya, Maliya ndi Maria. Chilembo cha l ndi cha r timangozisinthanitsa monga mmene timayankhulira. Kalaliki wina alemba "Che" ngati mbali ya dzina, mnzake aichotsa.

Tsiku lobadwa nalo silithandiza kwenikweni. Agogo akafunsidwa zaka zawo amati anabadwa itangotha njala ya 1949, kapena nthawi ya Chitaganya, ndipo kalaliki amayerekeza. Pa chipatala china mnzake ayerekeza mosiyana ndi zaka 3 kapena 4. Dzina la mudzi limasintha pamene midzi ikugawikana ndi kulonga mafumu atsopano, ndipo msodzi nthawi zambiri amatchula doko limene wagona sabata imeneyo.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi lokha, ndipo ambiri mwa iwo moyo wawo ndi woyenda. Asodzi amatsata usipa kuchoka ku Msaka ndi Chembe kupita ku Makanjira, mwinanso mpaka Salima ndi Nkhotakota. Amayi ogula nsomba amatha masiku ali ku Limbe kapena ku Lilongwe. Anyamata amapita kujoni n'kubwerako patapita zaka. Abale athu a tsidya la Mozambique amadutsa pa Chiponde kudzalandira thandizo ku Namwera, ndipo pofunsidwa mudzi amatchula wa achibale awo a kuno. Kabuku kamanyowa m'bwato, kamadzadza, kamapita ndi madzi monga zinachitikira m'madera ambiri pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kapena pamene nyanja inasefukira m'nyumba za m'mphepete mu 2024. Munthu agula kabuku katsopano kopanda kapepala kaja. Pamzere pali anthu 100, magetsi angoyaka kumene, netiweki ikuvuta. Kufufuza dzina m'kompyuta kumatenga nthawi. Kudina kuti "wodwala watsopano" n'kwachangu. Ndani mwa ife akanapanda kudina?

Zonsezi ndi ngozi chabe. Koma pali kubwereza kwina kumene wodwalayo amachita dala, ndipo n'kumene tiyenera kukhalapo kanthawi chifukwa kukutiloza chala ife a chipatala.

Tiyerekeze msodzi amene amalandira ma ARV pa chipatala china cha kufupi ndi kwawo. Wapita kunyanja, mankhwala amuthera, tsiku lake ladutsa ndi miyezi itatu. Akudziwa chimene chikumudikira akabwerera: mafunso pagulu, mawu olasa, mwina kubwezedwa kuti abwere ndi womuyang'anira, mwina kuyambiranso maphunziro ngati mwana wa sukulu. Akapita pa chipatala china n'kunena kuti sanayezetsepo, amulandira ndi manja awiri, amuyeza, amupatsa uphungu mwaulemu, ndipo tsiku lomwelo atuluka ndi botolo. Mwa njira ziwirizi, yachiwiri ndiyo yopanda manyazi. Mayi woyembekezera amene m'kabuku kake munalembedwa zotsatira za magazi, ndipo akuopa kuti apongozi kapena mwamuna aziona, amagula kabuku kena n'kukayambira sikelo kwina. Anthuwa sakuthawa mankhwala. Akufuna mankhwala, koma akuthawa kunyozedwa, ndipo ife tinakonza zinthu mwakuti wabodza alandiridwe bwino kuposa wonena zoona.

Mtengo wake timalipira tonse. Malamulo a Unduna amati munthu amene wadutsitsa miyezi iwiri mankhwala ake atatha, osabwera, alembedwe kuti wasiya. Choncho msodzi uja pa chipatala choyamba ndi wosiya mankhwala, pa chachiwiri ndi woyamba kumene. Mlangizi wa zaumoyo kapena wodzipereka apalasa njinga padzuwa kukafuna munthu amene akumwa mankhwala ake bwinobwino ku Monkey Bay, pamene wina amene wasiyadi, ali gone m'nyumba, sanafikiridwe. Ziwerengero zimene akuluakulu a Unduna amadzatolera miyezi itatu iliyonse, zomwenso amagwiritsa ntchito poyerekeza mankhwala oti atumize, zimakhala ndi anthu oonjezera mbali zonse ziwiri.

Ziwerengero n'zazing'ono poyerekeza ndi thupi la munthu. Ngati pa fayilo yoyamba panalembedwa kuti bakitilimu anamutulutsa zilonda thupi lonse ndi m'kamwa, fayilo yachiwiri siyikudziwa zimenezo, ndipo amupatsanso. Ngati anasinthidwa mankhwala chifukwa oyamba analeka kugwira ntchito m'thupi mwake, pa fayilo yatsopano amuyambitsa ngati munthu amene sanamwepo kanthu. Zotsatira zoonetsa kuti tizirombo tachuluka m'magazi zimafika pa nambala yakale, n'kukhala pamenepo popanda woziwerenga. Ndipo si za HIV zokha. Wodwala shuga, BP, khunyu kapena TB akagawika pawiri, dotolo aliyense amaona theka la nkhani.

N'chifukwa chake ena amati: bwanji kompyuta ingophatikiza yokha onse amene akufanana dzina, mudzi ndi chaka chobadwa? Maganizowa amakoma pa msonkhano. Koma taganizani za mapasa: mayi mmodzi, mudzi umodzi, tsiku lobadwa limodzi, maina ongosiyana chilembo chimodzi kapena ziwiri. Taganizani za asuweni awiri amene onse anatchedwa dzina la agogo amodzi, obadwa chaka chimodzi, okhala khomo loyandikana. Taganizani za akazi awiri a pamitala, olembedwa ndi dzina la mwamuna mmodzi, m'mudzi umodzi, zaka zawo zongoyerekeza. M'midzi yathu maina oyamba amene amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri ndi owerengeka, ndipo dzina lachiwiri nalo nthawi zambiri limakhala dzina loyamba la bambo, lochokera m'gulu lomwelo. Anthu awiri osiyana kufanana maina onse awiri m'dera la mfumu imodzi si chodabwitsa konse.

Mafayilo a anthu awiri akaphatikizidwa, cholakwikacho sichioneka. Munthu wobwerezedwa amaoneka pagalasi kawiri, ndipo wina tsiku lina amafunsa. Koma fayilo yosakanikirana imaoneka yathunthu, yaukhondo, ndipo namwino amaikhulupirira. Mwana alandira mankhwala oyezera sikelo ya mnzake. Wina amene thupi lake limadana ndi mankhwala ena aoneka ngati anawamwa kale popanda vuto, chifukwa anamwayo ndi msuweni wake. Choopsa kuposa zonse, mayi amene alibe kachirombo apeza kuti pa dzina lake palembedwa kuti ali nako, ndipo wina wanena zimenezi mwamuna wake ali pomwepo. Kufufuta mzere m'kompyuta n'kotheka mawa lake, koma mawu amene alowa kale m'banja sabwereranso.

Kusakanikirana kotere kumachitikanso ngakhale popanda kompyuta kulakwitsa, pamene anthu abwerekana kabuku: mwana wadwala usiku, kake sikakuoneka, mayi atenga ka mkulu wake. Kalaliki awerengetsa timizere tija pa makina, ndipo malungo a mng'ono alembedwa pa dzina la mkulu. Izi zikutiuza kuti ngakhale nambala ikhale yolondola, sikuti munthu amene waima patsogolo pathuyo ndi mwini wake.

Ndiye tichite bwanji? Kompyuta ipitirize kutulutsa mndandanda wa mafayilo okayikitsa, imeneyo ndi ntchito imene imaidziwa. Koma mndandandawo ukhale wa mafunso, osati wa zigamulo. Pa fayilo yokayikitsa paikidwe chizindikiro, ndipo wodwalayo akadzabwera tsiku lake, wina akhale naye pambali, pomwe ena sakumva, amufunse m'Chichewa kapena m'Chiyawo: dzina la mayi ake, maina ena amene amadziwika nawo, kumene analandirapo mankhwala, chaka chimene anayamba. Kenako ayerekeze ndi makhadi a pepala amene ali m'kabati. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo apa wodya phulayo si kalaliki koma wodwala. Ngati mayankho sakukhutiritsa, mafayilo akhale padera momwemo mpaka ulendo wina. Palibe amene anafa chifukwa lipoti linapita lili ndi mafayilo 10 osatsimikizika.

Kuphatikizako kusakhale kwa aliyense amene akudziwa pasiwedi. Pa chipatala chilichonse pakhale anthu awiri odziwika, kalaliki ndi wachipatala, ndipo onse avomereze. Kalaliki amadziwa makina, koma amene angaone kuti munthu wolemera makilogalamu 48 mu Juni sangalemere 71 mu Ogasiti, kapena kuti msinkhu wa munthu wamkulu susintha, ndi namwino kapena dotolo. Pakhale kaundula wolembamo tsiku, manambala onse awiri, chifukwa chake ndi maina a ophatikizawo. Ndipo fayilo yakale isafufutidwe. Ingolumikizidwa ku yatsopano, nambala yake ikhalebe yolozera kwa mwini wake, chifukwa kabuku kakale kaja kamatha kupezeka pansi pa mphasa patapita chaka, ndiponso chifukwa tsiku lina tidzafuna kumasula zimene tinamanga molakwika. Amene amakonza makinawa tiwapemphe zimenezi mosabisa mawu: batani lophatikizira likhale ndi mnzake wolekanitsira. Tiwapemphenso malo olembamo maina ena a munthu, kuti Abiti uja ndi dzina lake la kusukulu zikhale pa fayilo imodzi kuyambira tsiku loyamba.

Ena ati yankho lilipo kale, ndi chiphaso cha unzika. Zoonadi, kuyambira pa kalembera wa 2017, pamene a National Registration Bureau analemba anthu oposa 9 miliyoni, akuluakulu ambiri ali ndi nambala imodzi yosasintha, ndipo kuilemba pa fayilo ya wodwala kungachepetse vutoli kwambiri. Ndikugwirizana nazo kuti kalaliki azifunsa chiphasochi. Koma chiphasochi chimaperekedwa kwa a zaka 16 kupita m'tsogolo, pamene gawo lalikulu la odwala athu ndi ana. Kwa iwo chiyembekezo chili pa kulembetsa kubadwa, ntchito imene a Sant'Egidio akhala akuthandiza ku Balaka kudzera m'pologalamu yawo ya BRAVO, koma ana ambiri a m'midzi adakalibe chikalata. Mlendo wa ku Mandimba alibe chiphaso cha Malawi, ndipo TB yake siisankha woti imupatsire. Msodzi sapita nacho pamadzi. Tsiku limene tidzanene kuti wopanda chiphaso asalandire thandizo, anthu adzayamba kubwerekana ziphaso monga amabwerekana timabuku, ndipo tidzakhala tasinthanitsa vuto laling'ono ndi lalikulu lija. Munthu wamantha uja nayenso, akadziwa kuti nambala ya unzika ikulumikizidwa ndi matenda ake, adzafuna kudziwa amene angathe kuona. Lamulo la HIV la 2018 limateteza chinsinsi chake, ndipo mu 2024 dziko lino linakhala ndi lamulo loteteza mbiri za anthu zosungidwa m'makompyuta. Malamulowa akhale omveka pa tebulo la kalaliki. Chizolowezi chojambula khadi la wodwala n'kuliponya pa gulu la WhatsApp pofunsa ngati ena akumudziwa chiyenera kutha, ngakhale cholinga chake chikhale chabwino.

Tisadzione ngati otsalira pa nkhaniyi. Dziko la America, ndi chuma chake chonse, mpaka lero lilibe nambala imodzi ya wodwala ya dziko lonse: lamulo la 1996 linafuna kuti ikhalepo, koma aphungu a kumeneko anatsekereza ndalama zake poopa za chinsinsi, ndipo zipatala zawo zimalemba anthu ntchito yongoyerekeza mafayilo. Ku England aliyense ali ndi nambala ya NHS, komabe amapezanso obwerezedwa ndi osakanizidwa. Makina abwino amachepetsa ntchitoyi, saithetsa.

Pali mbali imene ikukhudza zipatala za mishoni mwachindunji. Zipatala za pansi pa CHAM zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thandizo la zaumoyo m'dziko muno, ndipo wodwala wa kuno amayenda pakati pa izi ndi za boma mosaganizira mwini chipatala: lero ku Koche, mwezi wamawa ku chipatala chachikulu cha Mangochi, kenako ku Malindi kapena ku DREAM ku Balaka. Chipatala cholipiritsa chimakhalanso ndi kaundula wake wa ndalama, nthawi zina pologalamu yakeyake, yopereka nambala inanso. Si zonse zimene zimayankhulana. M'zipatala zing'onozing'ono zambiri amalemba pakhadi kaye, kalaliki n'kudzalowetsa m'kompyuta pambuyo, wodwala atapita kale kwawo. Pamenepo ndi pamene manambala atatu aja amabadwira, ndipo palibe chipatala chimene chingawathetse pachokha.

Tinaonanso mu Januwale 2025, pamene boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, mmene ntchito za HIV zodalira PEPFAR zinagwedezekera, kuphatikizapo za akalaliki ndi makompyuta. Nthawi iliyonse makina akaima, anthu amabwerera ku pepala, ndipo tsiku lolowetsa mulu wa mapepalawo ndi tsiku lokolola obwerezedwa. Kalaliki timamuona ngati munthu wa pologalamu, wobwera ndi kupita ndi ndalama za mabungwe. Koma iyeyu ndi amene amayamba kugamula kuti wodwala ndi ndani, dotolo asanamugwire n'komwe. Akuluakulu oyendetsa zipatala za dayosizi, pokonza bajeti, aganizire malo a kalaliki mmodzi wokhazikika monga amaganizira a namwino, ndipo posankha munthuyo ayang'ane ngati amamva Chiyawo ndiponso ngati amatha kusunga pakamwa, asanayang'ane liwiro la zala zake.

Koma zonsezi ndi kukolopa madzi mpopi uli chitsekulire ngati kulandira kwa munthu wobwerera sikusintha. Malamulo a Unduna amalola kale chipatala chopereka ma ARV kupatsa mlendo mankhwala ongomufikitsa kwawo akaonetsa umboni wakuti amalandira kwina, ndipo amalolanso munthu kusamuka mwadongosolo ndi kalata. Asodzi ambiri sadziwa zimenezi, ndipo ena mwa ogwira ntchito amachita ngati sazidziwa. Makomiti a m'madoko, mafumu, mashehe ndi atsogoleri a mipingo angathe kufalitsa uthengawu m'sabata imodzi, bola chipatala chisunge lonjezo lake: kuti amene wabwera n'kunena kuti "ndinkalandira kwakuti, ndinadukiza," alandiridwe msanga ndi mwaulemu kuposa amene akuyamba kumene. Funso lakuti "Munabwerapo kuno?", lofunsidwa mokweza pawindo, lisinthidwe ndi lina lofunsidwa chapansipansi m'kachipinda: "Kodi mankhwalawa munalandirapo kwina kulikonse, ndipo kumeneko anakulembani dzina liti?"

Munthuyo akayankha, kalaliki afunika njira yotsimikizira tsiku lomwelo, wodwala ali pomwepo ndipo wavomereza. Izi sizidikira makina atsopano. Ofesi ya zaumoyo ya boma la Mangochi pamodzi ndi ya dayosizi angathe kulemba pepala limodzi la manambala a foni a zipinda zonse za ART, kuchokera ku Makanjira mpaka ku Monkey Bay, ndi za Machinga ndi Balaka zomwe, kulikonzanso miyezi itatu iliyonse pamene ogwira ntchito asamutsidwa, kulimata pakhoma pambali pa kompyuta, n'kuika mayunitsi mu foni ya chipatala mwezi ndi mwezi.